Epuloni ya ku Graniteside

Anati si ntchito ayi, n'kuyesana chabe,
masiku asanu ndi limodzi, tione manja ako.
Ndinawatambasulira manja.
Anati osati choncho, ubwere Lolemba folo koloko.

Folo koloko ya ku Mufakose ilibe tambala,
ili ndi agalu, ndi anyamata oitanira makombi
mawu atasasa ndi mphepo ya Juni.
Dola yopita, dola yobwerera,
ndinakongola kwa alamu anga a Nasimelo,
ogulitsa tomato pa Mbare,
ndipo iwo analemba ndi khala kuseri kwa chitseko
kuti pachibale pasadzalowe mphepo.

Mai Mudzingwa anandiponyera epuloni
yotuwa, yothina m'khwapa, yonunkha thukuta la wina.
Ndinakanda ufa mpaka mapewa anaiwala mwini wake.
Mabanzi mazana anayi ndisanamwe madzi.
Chala ichi, taonani,
thireyi inachipsompsona Lachiwiri.

Lachitatu ndinafunsa, mogwira mwendo,
m'Chishona changa chosalala chija
chimene sichiulula kuti agogo anachokera kutali:
kodi ndi lamulo kuti munthu ayambe wagwira ulere?
Anaseka, maso ali pa kakyuleta.
Wakumanga chingwe ndani?
Geti ndi ilo, silikhomedwa.

Zoonadi, silikhomedwa. Ndinaliyang'ana.
Kunja kwake kunaima atsikana asanu ndi awiri
atafungata maenvulopu akhaki ngati makanda.
Ndinabwerera ku ufa.

Usiku magetsi atazima
bambo anandipaka mafuta pachala, osandiyang'ana.
Anati atate awo anathawa thangata ku Thyolo,
mwezi wathunthu kulimira mzungu
kuti ugone panthaka imene unabadwira.
Thangata, anatero, anali mawu abwino poyamba,
kuthandizana kumunda, mowa pamthunzi.
Ndipo galimoto imene inawatula kuno ku Halale
anthu ankaitcha Ulere.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
Ine sindinaseke.

Lachisanu ndikuchapa epuloni pampopi
ndinaitembenuza.
M'kati mwa mpendero, ndi bolopeni:
Tsungai, timizere tisanu ndi kamodzi.
Chenesai, tisanu ndi kamodzi.
Wina inki inasuluka, anatsala ndi chilembo chimodzi.
Maidei, titatu tokha.
Maidei iwe, unadwala
kapena unachenjera msanga?
Ndinawerenga mayina khumi ndi anayi,
madzi akutayika, mlonda akukalipa.

Loweruka anandipatsa buledi muwiri wadzulo
m'pepala lapulasitiki.
Uli ndi manja abwino, tidzakuimbira.
Ndinathokoza. Ndinaomba m'manja, ndinapinda bondo.
Chimenechi ndiye chimandiwawa kuposa chala.

Koma ndisanakoleke epuloni pamsomali
ndinabwereka bolopeni kwa mlonda.
Fatsileni, ndinalemba, timizere tisanu ndi kamodzi,
ndipo pansi pake, m'chinenero choti wobwerayo amve:
za malipiro ufunse Lolemba,
usadikire Loweruka.
Kaya adzaitembenuza liti.
Ine ndinaitembenuza Lachisanu.

Foni ndimagona nayo pansi papilo.
Ikalira ndi akampani, akuti ndigule mabandulo.
Dzulo ndinadutsa dala ku Graniteside,
fungo la mabanzi linandilonjera pamsewu ngati mnansi,
ndipo pawindo ndinaona mtsikana wamtali
epuloni itamuthina m'khwapa.
Anakweza mutu. Sindinamukodole.
Ndikanamuuza chiyani
chimene lendi ya kwawo sinamuuze kale mosiyana?

Kuseri kwa chitseko khala likunena madola khumi ndi awiri.
Alamu sakumbutsa,
amangosesa mozungulira pamenepo pang'onopang'ono.
Mawa ndikupita ku Msasa,
kufakitale ya mabotolo amati akufuna anthu.
Envulopu ndaisita ndi mbale yamoto.
Akuti kumeneko kuyesana n'kwa milungu iwiri,
ndipo geti lawonso,
ndamva,
silikhomedwa.