Marimu a ku Biwi

Ndafika ku Biwi dzuwa lili paliwombo,
rimu yakumbuyo itapinda mlomo ngati mwana wokanizidwa chiwaya,
matope a ku Malingunde akadali m'zikhadabo.
Mwana wanga Tisungeni ali pambuyo, wandinyamulira chikwama.

Mnyamata wogulitsa, anzake amamuti Zagwa,
wayala katundu pa thumba la fetereza long'ambika:
uku marimu achitsulo, akuda bii, olemera ngati ngongole ya katapila,
uko a aloyi, zala zisanu zotambasuka, kuwala mbee.
"Bigi, tanyamulani iyi ndi dzanja limodzi.
Mwaona? Nthenga yeniyeni!
Mafuta mupulumutsa, mabuleki azipuma mphepo,
dzimbiri silidziwa n'komwe pakhomo pake.
Mukadutsa pa Chilambula anthu makosi azipweteka."

Ndanyamula. Sakunama mnyamatayu.
Ndadziona momwemo, nkhope yanga yogawika pasanu,
ndipo mtima wachita kusuntha pang'ono,
ndisabise.

Koma ine ndimakonza mijigo.
Kumene ndimapita msewu umatha osatsanzika,
umasanduka kanjira ka ngolo, kenako ganizo chabe.
Kumbuyo ndimasenza mapaipi khumi ndi awiri,
simenti, unyolo, ndi aliyense woimika dzanja panjira.
Mvula ya chaka chatha, kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama,
mwala unabisala m'chithaphwi ngati wakuba,
khu! mpweya wonse fyuu, ndatsala ndi phokoso la achule.
Sipeya ndinali nditaphulitsa kale m'mawa.
Ndinabwereka nyundo kwa bambo wina wokhoma ndowa,
kho, kho, kho, mlomo wa rimu unabwerera,
tinapopa ndi pampu ya njinga, amuna asanu mosinthana,
wachisanu ndi chimodzi akungolangiza.
Madzi anatuluka pamjigo nkhuku zisanalowe.

Ndikufotokoza izi, a Chimangeni owotcherera
akweza magalasi awo akuda pamphumi.
"Chitsulo chimapindika, ukachimenya chimapepesa.
Uyo wonyezimirayo sapepesa, amangosweka ngati mbale yadothi.
Ndiye mudzamuwotcherera ndi chiyani kuthengoko?
Moto wake si wanga uno."
Zagwa waseka: "Madala, aloyi wa lero si wa nthawi yanu.
Alipo wolimba kuposa chitsulo chanucho."
"Alipo," avomera, "koma si uyu uli pathumbayu.
Uyo mtengo wake mugulitse kaye munda."

Tisungeni wandikoka malaya.
"Ababa, pa ukwati wa achemwali mu Okutobala
galimoto yotsogola ndi inoyi.
Mudzamanga maliboni pa zinthu zakudazi?"
Ndasowa poyankha.
Ndawerenga ndalama kawiri, ngati zingaswane m'manja:
imodzi yowalayo ikudya ziwiri zakuda ndi theka,
ndipo ukwati ndi tsiku limodzi,
mijigo yakufa ili makumi atatu m'kabuku kanga.

Ndagula zachitsulo, zisanu,
imodzi ndaibweza, inali ndi chipsera chobisidwa ndi girisi.
Zagwa wandisinthira akung'ung'udza kuti ndine wachikale.
Pokhota ndagula kachitini ka penti wasiliva ndi burashi,
ndapereka kwa Tisungeni osanena kanthu.
Iye wakayang'ana, wandiyang'ana,
wakaika pansi pa mpando.

Zikulemera, ndikuzimva m'chiwongolero,
pampu ya dizilo idzandikumbutsa mwezi ndi mwezi,
ndipo dzinja likadzatha ndidzakhala pansi ku Kawale
kupala dzimbiri ndi sandipepa.
Ndavomera.

Pa mlatho wa Lilongwe magalimoto aima ndii.
Pambali pathu pafika ina yoyera, yaitali,
matayala ake sanalawepo ndowe,
marimu akuponya dzuwa m'maso mwa ogulitsa nthochi.
Tisungeni sanacheuke.
Wacheuka ndine,
mpaka wa minibasi kumbuyo wandiimbira hutala,
kondakitala akukuwa, "Tiyeni madala, mwagona?"