Kachipewa ka Mayi Chiŵaya

Lachiwiri, chiperoni chisanafike pa Chitakale,
foni inali italira kale.
Mulekano, kalaliki wa ku shedi ya ku Limbuli:
"Achemwali, makilo a Mayi Chiŵaya asowanso.
Ndinayeza ndekha, makumi anayi ndi awiri,
dengu likudontha pasikelo,
koma kompyuta ya ku ofesi ikuti sanathyole."

Ndinatsegula laputopu yanga ya Linakisi,
ija yothothoka batani la E.
Dzina lilipo, makilo alipo.
Pa foni ya ku shedi aliponso.
Pa Windozi ya akauntanti: zii.

Kankhokwe n'kamodzimodzi,
ndinakasokera ndekha m'mimba mwa pulogalamu
ngati thumba lam'kati mwa jekete,
koma kakalowa nyumba ina
kayamba khalidwe lina.

Ndinayamba kunamizira loko.
Ndinati mwina wina akutseka fayilo
mnzake akadali m'kati.
Ndinapalira malogi usiku wonse,
mzere ndi mzere, msana uli gwa,
osapeza ngakhale chisoso.
Ndinanamizira magetsi, amene amathima
cholembedwa chili pakamwa.
Ndinanamizira wotchi.
Pamtima, Mulungu andikhululukire,
ndinanamiziranso Mulekano.

Lachinayi anabwera okha pa kabaza,
pulasitiki wa feteleza atafunda kumapewa,
zala zakuda ndi utomoni wa masamba.
Sanakalipe.
Anangoti, "Amene mukusunga dzina langa ndinu?"
Ndinawapatsa bolopeni kuti alembe dandaulo.
Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja,
C, h, i, w, mpaka kumapeto,
kenaka dzanja linabwerera m'mbuyo
kukaveka w kachipewa kake.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira.

Foni imalemba monga iwo:
chilembo kaye, chipewa pambuyo, zinthu ziwiri.
Ya ku ofesi imabala chilembo chovala kale,
chinthu chimodzi.
Diso silingasiyanitse.
Koma kankhokwe kalibe diso, kamawerenga manambala,
ndipo kanaona amayi awiri:
wina ali m'kaundula koma sathyola,
wina amathyola mvula ili pamsana
koma kulibe amene akumudziwa.

Chigamba chake chinali mizere khumi ndi umodzi.
Ndinachisoka pamene maina amafananizidwa,
kuti aliyense asanalowe pakhomo
chipewa chikhale pamutu mofanana.
Pa Linakisi chinagwira.
Pa foni chinagwira.
Pa Windozi chinang'ambika pena,
poti kumeneko kamzere kolekanitsa mafoda
kamapendekera kwina, ngati nthochi ya pamtsetse.
Ndinasokanso. Ndinamanganso ndandanda yonse
kuchokera pa dzina loyamba,
fani ya laputopu ikulira ngati njuchi m'botolo,
ine ndikutafuna chinangwa chozizira cha m'mawa.

Itakwana naini usiku amayi awiri aja anakumana,
nakhala mmodzi, wa makilo mazana atatu ndi asanu.

Koma sanatuluke okha.
Pambuyo pawo panatuluka ena asanu ndi mmodzi:
Maŵindo, Nachiŵale, Kaŵiya,
onse ovala kachipewa,
onse ogawika pakati chiyambire Malichi.
Ndinafunsa Mulekano za a Kaŵiya.
Anakhala chete, ndimve mvula pa malata a shedi.
"Aja anabwera kawiri kudzadandaula.
Kachitatu sanabwere.
Akuti anazula tiyi mizere isanu, anadzala chinanazi."

Lachisanu Mayi Chiŵaya anawerenga ndalama zawo kawiri,
nazimanga pa mfundo ya chitenje.
Sanandithokoze, ndipo anachita bwino.

Ndalemba m'buku la zosintha:
tsiku, mizere imene ndakhudza, makina atatu amene ndayesapo.
Pali mpata wolembapo chimene chinavuta.
Ndalembapo: chilembo chimodzi.
Palibe mpata wa mizere isanu ya tiyi.

Mawa ndikwera minibasi ya ku Muloza
ndi envelopu ya a Kaŵiya m'chikwama.
Sindikudziwa kuti ndikayambira pati.