Chitsamba cha Atate

Atate anabwera nacho m'chitini cha utoto,
chitapachikidwa pa handulo ya njinga, kuchokera ku Katoto.
Dona wa pa esiteti ankafuna mpanda wa maluwa,
ofiirira m'mphepete, achikasu pakati,
ndipo atate anachithirira chilimwe chonse
ndi madzi otunga kudambo.
Anawapatsa jekete chifukwa cha ntchito imeneyo.
Jeketeyo ndi yomwe ndavala lero,
minga yaing'amba pa chigongono.

Amati lantana.
Anadumpha mpanda Dona asanapakire n'komwe katundu,
anatsikira m'khofi mzere ndi mzere,
analowa m'mapaini osaodira,
anatseka kanjira komwe tinkadzera popita kukatola bowa.
Ng'ombe ya a Chavula inamubudula masamba,
sabata lomwelo tinaikumbira dzenje.

Tsopano bwana watsopano, mnyamata wa nsapato zoyera,
wandiika ukapitawo pa anthu khumi ndi anayi:
mumuzule yense, mvula isanagwe.
Timayamba nkhungu ya ku Lusangazi isanatseguke,
zala zitauma pa mpini.
Chikwanje chimangomumeta.
Ukamudula amaseka, amaphuka pasanu.
Pamafunika piki, pamafunika kugwada
ngati ukupepesa kwa chitsa.

Lachitatu Temwachi anakuwa.
Pansi pa ziyangoyango panali kachipinda,
udzu wopondeka, wofunda,
ndowe zazing'ono ngati nandolo wouma.
Gwape anali atangodzuka kumene.
Tinamuona akuthamanga pamtetete pomwe tinalambula dzulo,
wopanda pobisala,
agalu a ku Geisha atamununkhiza kale.
Sindinapite kukaona.
Madzulo munthu wina anabweretsa mwendo m'pepala la shuga,
ndinati ndadya.

Tinapezanso misampha ya waya makumi awiri ndi itatu,
umodzi uli ndi chibwano cha nungu.
Pofundira panali pomwepo, pofera panali pomwepo.
Chitsamba sichisankha mlendo.

Nguluwe nazo zinasamuka.
Loweruka NyaUsisya anakwera chitunda
ndi chinangwa chotafunidwa m'chitenje,
nachikhuthula pa tebulo la ofesi, pamwamba pa buku la matikiti.
Mwagwetsa nyumba ya alendo anu, anatero,
tsopano akugona kwanga.
Ndani alipire?
Bwana anayang'ana ine.
Ine ndinayang'ana jekete.

Usiku timalondera ndi zitini ndi tochi.
Anyani aphunzira nthawi yomwe Vitumbiko amasinza,
amatsika m'bandakucha kukasankha khofi wakupsa yekhayekha,
kuposa mmene amasankhira aganyu.
Ndalemba m'buku: ngalande m'malire a NyaUsisya,
mzere umodzi wa thengo usiyidwe kumtsinje,
koma ukhale wa katope ndi msuku.
Bwana wati aona bajeti.

Pomwe tinazula mwezi wathawu
dothi lili gwa, lamanyazi, ngati mutu wometedwa pamaliro.
Koma dzana ndinawerama pomanga chingwe cha gambutsi
ndipo ndinaona timasamba tiwiri ta msuku,
taubweya, tonyowa ndi mame.
Mbewuyo yadikira mumdima zaka zingati?
Ndinaizunguliza timiyala.
Sindinauze munthu.

Chapafupi, pa waya wa mpanda, panatera pumbwa,
kukhosi kuli tho ndi zipatso zakuda
za chitsamba chomwe sitinachifikebe kuseri kwa damu.
Anandiyang'ana ndi diso limodzi,
anakweza mchira,
nadzala.

Atate, munathirira bwino.
Ine ndikalamba ndi piki m'manja,
ndipo mwana wanga Wongani, yemwe ali fomu thuu,
wandifunsa kale kuti ganyu wozula
amalipira zingati pa chitsa.