Mphindi Makumi Anayi

Kalata ya boma inafika m'mwezi wa mphepo,
ngakhale kuno ku Wyoming mwezi uliwonse ndi wa mphepo.
Masamba makumi atatu ndi mphambu zisanu.
Ndinawayala pa kauntala, pambali pa makina a khofi,
n'kumawerenga ndi chala ngati mwana wa sukulu.

Inati: pa madola khumi alionse, asanu ndi atatu ndi athu,
awiriwo muone nokha, mayi Vasek.
Inati: mizati inayi yotchajira, pafupi ndi msewu waukulu,
iziyaka usana ndi usiku, pa Khirisimasi pomwe.

Dwight akanakhalapo akanaseka mpaka kutsokomola.
Zaka makumi atatu akumwetsa mathiraki dizilo,
fungo linamulowa m'malaya, m'pilo,
mpaka m'bokosi lomwe tinamuikamo.
Ndinasaina ndi bolopeni yake.
Awiri aja anatuluka m'khola: ng'ombe zisanu ndi thirakitala.

Anabwera anyamata a zipewa zachikasu,
nakumba pomwe galu wathu ankaothera dzuwa,
nakwirira zingwe zonenepa ngati mkono wanga.
Atachoka panatsala mizati yoyera mbee,
itaima njo ngati alendo osowa khomo logogoda.

Novembala. Disembala. Zii.
Chipale chofewa chinkaiveka zisoti, ine n'kumaivula ndi tsache.
A mathiraki ankaloza ndi chibwano:
Lorna, mafirijiwa ukugulitsa bwanji?
Ndinkaseka nawo.
Usiku ndinkawerenga ng'ombe zomwe kulibe.

Curtis, mwana wanga, amakumba malasha.
Anati, Amayi, moto uli m'mizatiyo ndi thukuta langa lomwe,
angolisambitsa n'kulidutsitsa m'waya.
Sindinayankhe. Pachitunda, mapiko oyera aja
ankangopalasa mphepo, osalowerera za ife.

Kenako Lachiwiri lina mu Febuluwale
kagalimoto kobiriwira kanalowa mwakachetechete ngati mphaka,
batire itatsala dontho.
Anatuluka mtsikana wa jekete yopyapyala,
kumbuyo masutikesi awiri ndi duwa la m'chitini
lomangidwa lamba ngati munthu.
Chingwe chinamukanika, zala zitauma.
Tinachikoka awiri. Chinati khwa.
Kanyali kanaphethira.

Wa petulo amaima mphindi zinayi:
ndalama, chitseko, utsi.
Uyu anafunika makumi anayi.

Anati dzina lake ndi Ximena, akupita ku Reno,
ntchito ya unamwino ikuyamba Lolemba.
Pa kapu yachiwiri anati wasiya mphete pa tebulo ku Omaha.
Pa yachitatu sananene kanthu.
Ine ndinamuuza za Dwight, zomwe Curtis yemwe sindinamuuzepo:
kuti mpando wake sindinausunthe,
kuti m'mawa ndimathirabe makapu awiri.
Panja mzati unkang'ung'udza motsitsa
ngati munthu amene akudziwa kudikira.

Analipira madola khumi ndi limodzi.
Sagula ngakhale mchira wa ng'ombe.

Boma limafuna lipoti miyezi itatu iliyonse:
magalimoto angati, moto wochuluka bwanji, mizati inazima kangati.
Ndinalemba: imodzi.
Fomuyo ilibe bokosi la duwa lomangidwa lamba,
kapena la kapu yachiwiri ija,
yomwe tsiku limenelo inapeza woimwa.

Mawa akuti kugwanso chipale.
Tsache ndaliika kale pakhomo.