Mabowo Asanu

Pepala langa ladzulo linali ngati papalasa nkhuku:
bowo apa, bowo apo,
chipolopolo china chinakadya dothi.
Ndinanamizira mphepo yotsika m'phiri la Zomba.
Sajeni Likoswe sanaseke.
"Mfuti ilibe mlandu.
Tsaya lakoli likusamukasamuka."

Lero ndagona chafufumimba,
zigongono m'mapondero a dzulo,
tsaya pomwe ndinasiya thukuta.
Nditulutsa mpweya, theka lokha,
ndidikira mtima ugunde, udutse.
Chala sichikoka. Chifinya
ngati poyesa papaya pamsika,
mpaka kulira kwake kundidzidzimutse.

Kasanu.

Tiyenda mamita zana osayankhulana.
Mabowo aunjikana kumanzere kwa diso lakuda,
chivindikiro cha botolo chawaphimba onse.
"Waphonya," atero Sajeni,
"koma waphonyera pamodzi.
Mawa tiwasamutsa."