Mwina

Bambo anga, Idwal Prydderch, ankalemba nyimbo ndi msomali.
Pepala linali lodula ku Gwynedd masiku amenewo,
koma sileti inali ponseponse:
padenga, pakhomo, pamanda,
ndi m'mapapo mwa amuna onse a m'chigwa chathu.
Nthawi ya nkhomaliro, m'kanyumba ka oswa miyala,
anzawo akukangana za malipiro ndi za kalata ya kwa Aroma,
iwo ankakanda mawu pa chibenthu chotayidwa
n'kubwera nacho m'thumba la jekete,
chikugundana ndi chitini cha tiyi.

Buku lawo ndinali ine.
"Tegwen, loweza msanga, mvula isanawerenge."

Ndiye kunabwera chaka chija chingwe chinaduka ndi Emrys,
mlongo wanga, ndevu zisanamere bwino,
amene anali asanaimirirepo pamaso pa mpingo
kunena kuti watembenuka mtima,
amene Lamulungu lake lomaliza
anaseka ulaliki uli mkati.
Msomali unachita dzimbiri pawindo miyezi itatu.
Usiku wina ndinadzidzimuka, ndinkayesa khoswe.
Anali bambo, kwe, kwe, kwe, pafupi ndi moto wozilala.

Mwina dzanja lija linakhomedwa pamtanda
linafika pansi pa dzenje iye asanafike.

Mkulu wa mpingo, Cadwaladr Vaughan, anabwera Lachinayi.
Musamuyese munthu woipa.
Ndiye ananyamula bokosi kumutu, pokwera chitunda, m'matope.
Anaika chipewa pabondo, nati,
"Idwal, m'nyimbo mulibe malo a mwina.
Mpingo suimba zokayikitsa.
Ngati mwanayo anasankhidwa dziko lisanalengedwe, lemba kuti ndithu.
Ngati sudziwa, siya.
Buku la moyo silili m'thumba lako."

Bambo anatsokomola nthawi yaitali.
"Ndi chifukwa chake, Cadwaladr.
Ndithu ndi mawu a munthu amene analitsegula bukulo.
Ine ndangoliona chikuto,
koma ndikumudziwa amene analilemba."

Anatulutsirana mavesi ngati mipeni.
Mbala ya pamtanda. Khomo lopapatiza. Nkhosa ya zana.
Mayi anawonjezera malasha kawiri,
kachitatu anangokagona.
Kandulo itatha anapemphera limodzi mumdima,
aliyense akupempherera kusamva kwa mnzake.

Nyimboyo inasindikizidwa bambo atapita kale,
fumbi litawatsekera mpweya.
Ili pa nambala mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri.
Sindidziwa ndani anagwira cholembera ku Caernarfon,
koma mwina uja anamuchotsa ngati dzino,
m'malo mwake akuti ndithu.
Amakwana bwino m'kaimbidwe, sindingakane.
Pamaliro, amuna a besi akafika pamenepo,
matabwa a m'mwamba amanjenjemera,
ndipo ndaonapo anthu akuwongoka msana ndi mawu amenewo.
Sindingawalande.

Koma ine, ndi zaka zanga makumi asanu ndi atatu,
pampando wachitatu kuchokera kukhomo,
ndimaimba zimene ndinaloweza.
Pang'onopang'ono, kukhosi.
Si kuti chikhulupiriro changa ndi chochepa.
Bambo ankati chisomo chikanakhala cholembedwa pa risiti
tikanachitcha malipiro,
ndipo malipiro timawadziwa, amachedwa ndipo amadulidwa.

Mwezi wathawu Gwenllian Rees, wokhala pambali panga,
amene mwana wake anatsala ku France popanda manda,
mnyamata wotukwana, wokonda mowa, wokoma mtima,
anandigwira mkono tikutuluka.
"Mumaimba chiyani pa ndime yachitatu?"
Ndinamuuza.
Sanayankhe. Anamanga mpango wake, mvula inali itayamba.

Dzulo tinaika m'manda mdzukulu wa Cadwaladr.
Anthu mazana atatu anati ndithu.
Pansi pake, ngati madzi oyenda kunsi kwa mwala,
tinali awiri.

Chibenthu chija chili kuseri kwa wotchi.
Mawu ena anafufutika ndi zala zanga,
oyambawo ayi.
Pamenepo bambo anakanikiza kwambiri msomali.