Ulusi Wapiringizika M'katumba

Zaka khumi ndi zinayi ndikupalasa makina
pakhonde la sitolo ya a Jumbe ku Nsungwi,
mwendo wamanja uli pa ntchito,
wamanzere uli phee pansi pa tebulo ngati mlendo.
Waulesiwo ndi umene unandiukira.

Sabata ya mayunifolomu, sukulu zili pafupi kutsegulira,
katumba anatupa, natentha ngati simbi yamakala.
Elube anati tithowe ndi madzi otentha.
Mnansi anati pamenepa mpofunika lumo ndi mphini.
Ine ndinakwera minibasi, nsapato imodzi ili m'manja.

Ku chipatala chachikulu anandipaka mafuta ozizira
nayendetsa kachipangizo kuseri kwa bondo.
A dokotala Mlenga analoza pa kanema:
apa magazi aundana mumtsempha wam'kati.
Ndinati ndamva, ulusi wapiringizika m'bobini.
Sanaseke. Anati musausisite mwendowu,
chibulumachi chikathothoka, ulendo wake ndi wa m'mapapo.

Ine wobaya nsalu moyo wanga wonse
singano yanditembenukira:
pamimba, m'mawa ndi madzulo,
mpaka khungu lachita mawanga ngati chitenje chosuluka.
Kenako kapiritsi ka wafarini dzuwa likamalowa,
miyezi itatu, mwina kuposa.
Alipo atsopano osalira kuyezetsa pafupipafupi,
koma mtengo wake ku famase
ndi masuti awiri a ukwati.
Ndinasankha mzere wa Lachiwiri,
kukapereka magazi kuti aone
ngati sanasungunuke mopyola.

Mpiru sanandiletse.
Angoti mbale ya lero ifanane ndi ya dzulo.
Elube tsopano amayeza ndiwo ndi maso a telala,
ndipo ndikatsuka mkamwa amasuzumira mubeseni
kufuna kufiira kumene ine ndingabise.

Dzana sizasi inandipsopsona chala.
Kale ndikanangoyamwa nkupitiriza.
Ndinakhala ndikufinya ndi kansanza,
kuwerenga makabaza odutsa, mpaka makumi atatu.

Sokosi yothina imene anandipatsa
msoko wake ndi wokhota, ndikanasoka bwino ine,
komabe ndimavala.
Ola likakwana ndimasiya kolala pakati,
ndiyende kukafika pachigayo ndi kubwerako,
mwendo ndiusanjike pa katoni ya zidutswa.

Mayi, diresi lanu lichedwa pang'ono.
Khalani pa benchipo.
Kapena ayi, musakhalitse.
Tiyeni mundiperekeze.